Madotolo Amene Anakana Mau Akuti “Angokalamba”

Pali mau ena m'cinenero cathu amene amamveka ngati yankho, koma nchito yao yeniyeni ndiyo kutsekereza funso. Munthu akafunsa kuti, “Nanga agogo aja sakutuluka m'nyumba masiku ano cifukwa ninji?” wina amayankha kuti, “Angokalamba,” ndipo mlandu wathera pomwepo. Onani kamau ako -ngo- kamene kakhala pakati pa mneni. M'kalasi timaphunzitsa ana kuti kamasonyeza kuti palibenso cina, monga ponena kuti, “Ndangomva,” kapena “Wangodutsa.” Tsono pamene tikaika pa ukalamba tikunena kuti palibenso nthenda yoti tiifune, palibe mankhwala oti tiwayese, kwatsala kudikira basi.

Azungu naonso anali ndi mau otere, ndipo amene anawanena kwambiri anali madotolo eni ace. Ndifuna kusimba mbiri ya madotolo owerengeka a ku England ndi ku America amene anayamba kukana mauwa, ndi zimene zinapezeka pamene ena anayesa nchito yao kuti aone ngati iri yoona. Ndikulembera inu aphunzitsi ndi akatekisi, pakuti ndinu amene mumawerama pa makomo a odwala kawiri kawiri koposa dotolo ali yense.

Caka ca 1834 boma la England linaika lamulo latsopano la amphawi. Cifuniro ca lamulo ili cinali cakuti wosowa wofuna thandizo akalowe m'nyumba yaikulu yochedwa workhouse, ndiko kuti nyumba ya nchito. Ndipo nyumbazo anazikonza dala kuti zikhale zowawa, kuti munthu asazifune pokhapokha zitamthina. M'menemo mwamuna analekanitsidwa ndi mkazi wace, ndi ana analekanitsidwa ndi akuwabala. Popita zaka anthu amphamvu anacepamo, natsala ana amasiye, opunduka ndi nkhalamba, ndipo pambali pa nyumba zambiri anamanga zipinda za odwala, kumene dotolo mmodzi anali kuyang'anira mazana a anthu. Zipatala zazikulu za mbiri, zimene zinali kuphunzitsa madotolo, zinakonda kulandira odwala amene nthenda yao itha msanga; a matenda okhalitsa zinawakana. Cifukwa cace mnyamata anakhoza kutsiriza maphunziro onse a udotolo, nalandira kalata yace, asanaone ndi kamodzi komwe nkhalamba yofa ziwalo ikuyambanso kuyenda. Ndipo cimene sanacione anayesa kuti sicicitika. Ine ndiona kuti muzu wa zonse unali apa, pakuti ngakhale munthu wacifundo sataya mphamvu zace pa cinthu cimene anamphunzitsa kuti ncosatheka.

Woyamba kupatsa nchito iyi dzina anali Ignatz Nascher, wobadwira ku Vienna caka ca 1863, koma wokulira ku New York. Iye anasimba kuti akali wophunzira anaona mai wina wokalamba akudandaula za zowawa zace, ndipo atafunsa mphunzitsi wace kuti nthendayo njotani, anauzidwa kuti ndi ukalamba. Atafunsanso cimene cingacitike, anauzidwa kuti palibe. Yankho ili linamkhala mumtima. Caka ca 1909 anapeka liu lakuti geriatrics, polumikiza mau awiri a Cigriki, lina lonena ukalamba ndi lina lonena za sing'anga, ndipo caka ca 1914 anasindikiza buku la dzina lomwelo. Anati monga ana ali ndi madotolo ao cifukwa thupi la mwana liri ndi macitidwe ace, coteronso nkhalamba. Mau anali abwino, koma omtsata anali ocepa, ndipo dzinalo linakhala zaka zambiri lopanda mudzi.

Mudzi wace unamangidwa ndi mkazi. Marjory Warren anabadwa ku London caka ca 1897, naphunzira udotolo pa Royal Free Hospital, natsiriza caka ca 1923. Caka ca 1926 analowa nchito pa cipatala ca ku Isleworth, kumadzulo kwa London, cimene cinadziwika pambuyo pace ndi dzina lakuti West Middlesex County Hospital, ndipo zaka zace zoyamba anali kucita makamaka maopareshoni. Lamulo lina la caka ca 1929 linacotsa nyumba za amphawi m'manja mwa oyang'anira akale ndi kuzipereka ku makhonsolo. Ndipo caka ca 1935 cipatala cija cinalandira nyumba ya odwala ya amphawi imene inali pafupi naco. M'menemo munali anthu 714, ndipo onsewo anaikidwa m'manja mwa Dotolo Warren.

Cimene anacita poyamba cimveka cacing'ono: anapima munthu ali yense, mmodzi mmodzi, monga momwe dotolo apimira mnyamata amene wabwera dzulo. Ambiri a iwo anali asanapimidwe bwino cilowere m'nyumbamo. Anapeza kuti m'cipinda cimodzi munasanganikirana anthu a mitundu mitundu: wofa ziwalo mbali imodzi, wodulidwa mwendo, wosokonezeka mutu, wouma mfundo za mafupa, ndi wina wopanda nthenda yeniyeni koma wosowa kwao. Onse anagonekedwa cimodzimodzi, ndipo onse anali ndi dzina limodzi la osaciritsika. Ena anali ndi matenda odziwika amene mankhwala ace analipo kale. Koma ambiri cimene cinawapundula koposa cinali kama.

Pano cinenero cathu citithandiza. Tiri ndi kugona, ndipo tiri ndi kugoneka. Wogona agona yekha, nadzuka yekha m'mawa. Wogonekedwa agona cifukwa wina wamuika, ndipo sadzuka kufikira wina atamdzutsa. M'nyumba ija anthu anali kugonekedwa, pakuti anamwino anali ocepa, ndipo munthu wa pakama sagwa, sasocera, sasokoneza dongosolo la m'cipinda. Koma thupi la nkhalamba likakhala pakama masabata angapo, minofu ya m'miyendo imaphwa, maondo amapindika nauma osatambasukanso, pamsana ndi pa zitende pamabuka zironda, mafupa amacepa mphamvu, magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, makhololo amadikha m'cifuwa nabala cibayo. Ndipo munthu amene sapita naye kucimbudzi pa nthawi yace amazolowera kudziipitsira pomwepo, ulemu wace nutha naye. Pamenepo wobwera kudzazonda amati, “Taonani, sangathe kuima,” osadziwa kuti kama ndiye wamlanda miyendo. Dotolo wina wa ku London, Richard Asher, anawerenga zoopsa izi cimodzi cimodzi m'nkhani yace yochuka ya caka ca 1947. Ndipo caka ca 2007 ofufuza a ku America anagoneka pakama anthu acikulire osadwala, odzipereka okha, masiku 10, napeza kuti minofu ya m'miyendo yao inacepa pafupifupi kilogalamu imodzi. Amenewo anali masiku 10. Ena a ku Isleworth anagona zaka.

Dotolo Warren anawagawa m'magulu monga mwa nthenda ndi mphamvu zao. Anapaka makoma utoto wowala, anaonjezera nyali, anacotsa makama atali aja naika afupi kuti phazi lifike pansi, anaika zogwirira m'mbali mwa makoma, napatsa munthu ali yense kabati yace yosungiramo tinthu tace. Pamenepo anayamba kuwadzutsa pang'ono pang'ono: poyamba kukhala tsonga pakama, pambuyo pace pampando, kenaka kuima atagwira citsulo, ndipo potsiriza phazi limodzi patsogolo pa linzace. Anamwino ndi ophunzitsa ziwalo anagwira naye pamodzi. Ofa mbali imodzi anawaphunzitsa kudya ndi kubvala ndi dzanja lotsalalo, ndi odulidwa miyendo anawaphunzitsa kucoka pakama kunka pampando okha. Cifuniro cace cinali cakuti wodwala azicita yekha ciri conse cimene angathe, ngakhale kumcitira kukanakhala kofulumira. Amene anaphunzitsapo mwana kulemba adziwa kubvuta kwace kwa lamulo lotere, pakuti dzanja la mphunzitsi limalakalaka kulanda coko.

Ena anamwalira, pakuti analidi pafupi ndi imfa, ndipo ena anakhala osacira. Koma ambiri anaima, nayenda, nabwerera kwao kapena ku nyumba zosungira okalamba zosafuna dotolo, kotero kuti makama a matenda okhalitsa anacepa kufikira 240, ndipo otsalawo anaperekedwa kwa madotolo a cifuwa cacikulu, amene anali kusowa malo.

Zimene anaona anazilemba m'nyuzi ziwiri za madotolo, British Medical Journal caka ca 1943 ndi The Lancet caka ca 1946. Anapempha kuti nkhalamba zodwala zizigona m'cipatala cacikulu momwe muli zipangizo zonse zopimira, m'zipinda zao zao, pansi pa dotolo wokonda nchitoyo. Kuti ophunzira udotolo ndi unamwino azipita m'zipindazo. Ndi kuti munthu asatumizidwe ku nyumba yokhalitsa asanapimidwe ndi kuyesedwa ngati angacire. Madotolo ena anampeputsa, pakuti anali mkazi ndipo odwala ace anali anthu opanda mbiri. Koma caka ca 1947 iye ndi anzace owerengeka anayamba bungwe limene lero lichedwa British Geriatrics Society, ndipo caka ca 1948, pamene boma linatenga zipatala m'manja mwace ndi kuyamba kuciza anthu onse kwaulere, akulu a boma anaona kuti njira yace imasula makama, naikonda. Mmodzi wa anzace, Lionel Cosin, anali kucita opareshoni nkhalamba zothyoka pfupa la pa ciuno ku Orsett m'dera la Essex, ndi kuzidzutsa msanga. Pambuyo pace ku Oxford anayamba cipatala ca usana, kumene nkhalamba ibwera m'mawa kudzalandira cithandizo nikagona kwao. Dotolo Warren anamwalira pa ngozi ya galimoto ku France mwezi wa September 1960, ali pa ulendo wa ku msonkhano wa madotolo ku Germany.

Otsatira ace anaonjezera nzeru imodzi imene ifunika kwa ali yense wozonda odwala. Bernard Isaacs, dotolo wa ku Glasgow, anachula zimphona zinai za ukalamba: kusayenda, kugwa-igwa, kusagwira mkodzo, ndi kusokonezeka mutu. Anthu amaziyesa ukalamba weniweni, koma kawiri kawiri ziri ngati utsi wosonyeza moto wobisika. Mnyamata akadwala cibayo amatentha thupi nakhosomola, ndipo onse adziwa. Nkhalamba ya nthenda yomweyo nthawi zina sitentha konse, koma igwa pakhomo, kapena iyamba kubwebweta usiku ndi kusazindikira ana ace. Wina amene anali wolongosoka dzulo nasokonezeka lero ali ndi cifukwa cace cofunika kucipeza, kaya ndi nthenda ya m'cikhodzodzo, kaya kusowa madzi m'thupi, kaya mankhwala amene anamwa.

Komabe panatsala funso, ndipo ofunsawo sanalakwe. Dotolo akanena kuti odwala ace acira, tidziwa bwanji kuti sakanacira okha, kapena kuti sanasankhe amphamvu okha okha? Njira yoyankhira ndiyo kucita maere. Atenga odwala ofanana, nawagawa pawiri ndi maere kuti dzanja la munthu lisakondere. Gulu lina lilandira njira yatsopano, lina ya masiku onse, ndipo pakutha pa nthawi awerenga. Anacita cotero Laurence Rubenstein ndi anzace pa cipatala ca asilikali akale ku Sepulveda, m'mudzi wa Los Angeles, nalemba zotsatira zace caka ca 1984. Anasiya amene anali kucira bwino okha, anasiyanso amene anali pafupi kufa, natenga a pakati, nkhalamba zofoka zimene zinalephera kutuluka m'cipatala. Onse anali 123. Anthu 63 analowa m'cipinda capadera m'mene dotolo, namwino ndi woona za pakhomo anasanthula pamodzi thupi, nzeru, mtima, mankhwala, mayendedwe ndi kwao kwa munthu ali yense. Anthu 60 anasamalidwa monga kale. Patapita caka cimodzi, a m'cipinda capadera amene anamwalira anali 24 pa 100 ali onse, koma a gulu linalo anali 48.

Mbiri iyi inamveka kutali, ndipo maiko ambiri anayamba kuyesa. Koma gulu la ku Sepulveda linali laling'ono, ndipo pafupifupi onse anali amuna. Mayeso otsatira sanabale zipatso zazikulu cotero. Caka ca 2017 Graham Ellis ndi anzace a bungwe la Cochrane, limene nchito yace ndiyo kusonkhanitsa mayeso ambiri ndi kuwalinga pamodzi, anaphatikiza mayeso 29 a anthu 13,766. Anapeza kuti pa imfa kusiyana kunali kocepa, kapena kunalibe. Koma amene anasanthulidwa motere anali oculuka pakati pa okhala ndi moyo m'nyumba zao zao, ndi ocepa pakati pa otumizidwa ku nyumba zosungira okalamba. Ena anagwa nazo mphwayi. Kwa ine ciwerengero ici ncokwanira, pakuti Dotolo Warren sanalonjeze kugonjetsa imfa, ndipo amene anakhalapo pambali pa nkhalamba m'cipatala adziwa kuti funso lace la m'mawa ndi madzulo ndi lakuti, “Ndipita liti kwathu?”

Cinthu cina cimene cinatenga nthawi ndico kulekanitsa mau awiri amene timawasanganiza, kukalamba ndi kufoka. Kukalamba ndi ciwerengero ca zaka, ndipo palibe wocibweza. Koma tonse tidziwa anthu awiri obadwa caka cimodzi, wina akali kulima, wina sangathe kufika kucitsime; ndipo cimfine comweco cimene woyambayo acimva masiku atatu cigwetsa winayo mwezi wathunthu. Caka ca 2001 Linda Fried ndi anzace ku America, atatsata anthu 5,317 a zaka 65 ndi kupyola, anaika zizindikiro zisanu: kuonda mapaundi 10 pa caka osafuna, kutopa kosatha, kucepa mphamvu ya dzanja pofinya, kuyenda pang'ono pang'ono, ndi kusatakataka. Wokhala ndi zitatu kapena kuposa anamucha wofoka. Otere anali ngati 7 okha pa 100 ali onse. Koma patapita zaka 7, mwa ofokawo anamwalira 43 pa 100, ndi mwa opanda cizindikiro 12 okha.

Ndipo kufoka, kosiyana ndi zaka, nthawi zina kumabwerera m'mbuyo. Ici cinaoneka kale caka ca 1990 ku Boston, pamene Maria Fiatarone anatenga nkhalamba 10 za m'nyumba yosungira okalamba, za zaka ngati 90, naziphunzitsa kukweza zitsulo zolemera ndi miyendo katatu pa sabata, masabata 8. Ambiri akanati akufuna kuwathyola mafupa agogowo. Anthu 9 anatsiriza, ndipo mphamvu ya m'nchafu zao inatsala pang'ono kufika katatu pa imene anayamba nayo. Awiri analeka kuyenda ndi ndodo. Atasiya zitsulozo masabata owerengeka mphamvuyo inayambanso kutha, monga munda wosiyidwa ubwerera ku chire.

Muyeso wina unacokera ku Canada. Kenneth Rockwood, wa ku Halifax, caka ca 2005 anakonza makwerero a kufoka, poyamba 7, pambuyo pace 9, kuyambira munthu wamphamvu ndithu kufikira wakuyandikira imfa, kuti namwino wotanganidwa akhoze kuzindikira msanga amene afunika kusanthulidwa mwapadera. Muyesowu unafala m'zipatala za maiko ambiri. Koma mwezi wa March 2020, pamene mliri wa Covid-19 unadzaza zipatala ndipo makama a odwala kayakaya anali ocepa, bungwe lolangiza madotolo ku England lochedwa NICE linati muyeso womwewo uthandize poweruza amene angapindule ndi makamawo, ndi kuti pa khwerero la 5 ndi kupyola pali cikaiko. Apa cinthu cimene anacipangira kutsegula khomo cinayamba kuoneka ngati mpiringidzo. Abale a anthu olumala anapfuula, pakuti munthu wobadwa wopunduka afuna womthandiza kubvala masiku onse a moyo wace, ndipo pa makwererowo akanaoneka wofoka ali wamphamvu. Pasanapite masiku ambiri bungwelo linakonza mau ace, kuti muyesowo usagwire nchito pa anthu osafika zaka 65, kapena pa olumala cibadwire ndi obvutika kuphunzira, koma amenewa aweruzidwe yense pa yekha.

Rockwood ndi anzace anakumbutsanso madotolo caka comweco za kagwiritsidwe kace. Khwerero la munthu silionedwa pa tsiku limene wafika ali gone pa macira, pakuti tsiku limenelo ngakhale wolima dzulo aoneka ngati wa khwerero la 7. Dotolo ayenera kufunsa m'mene munthuyo analiri masabata 2 asanadwale: ngati anali kusamba yekha, kuphika, kupita kumsika, kuwerenga ndalama zace. Wodwala wobwebweta sangayankhe zimenezi, ndipo m'mabuku a cipatala kawiri kawiri mulibe. Dotolo azimva kwa mwana, mdzukulu, kapena mnansi amene waperekeza wodwalayo.